Njira B ndi Kabichi wa Loweruka

Lolemba

Kukuzizira koopsa. Phiri la Dedza lafunda nkhungu chiyambire m'mawa, zala zikukanika kugwira lula. Koma ntchito yatha. Mapepala atatu a manila ndawamata pakhoma la pabalaza, pamene panali kalendala ya parishi.

Ndilembe zonse bwinobwino, kuti mawa wina asadzati nzeruyi inali yake.

Vuto. Mwana wathu Rozina amagulitsa ndiwo zamasamba pa kamsika ka kumapeto kwenikweni kwa Lilongwe, uko phula linathera. Kabichi wa m'madimba mwathu muno amakafika kumeneko tsiku lachitatu. Amayamba wagona pamsewu, kenaka pa msika waukulu wa m'tauni, kenaka minibasi, kenaka kabaza. Manja anayi, ndipo dzanja lililonse liikepo yake. Pofika pa benchi ya Rozina amakhala atafota ngati chipewa changa chakale, mtengo uli m'mwamba. Banja la anthu asanu ndi awiri limagula kachidutswa. Kuno nkhumba zikudya masamba abwino kuposa amenewo. Zimandiwawa.

Yankho. Lole imodzi, ulendo umodzi, kuchoka m'dimba mpaka pa benchi. Lole yake ndi ya a Bisaloni, ya matani atatu, ija imatuta mchenga. Tipakira Lachisanu masana, igone pakhomo pano, Loweruka mbandakucha tizipita.

Rozina wanyengerera anzake asanu ndi atatu kuti Loweruka lino asalawirire ku msika waukulu kokapikula. Adikire lole ya bambo ake, 7 koloko m'mawa. Loweruka ndilo tsiku lawo la malonda. Lole ikapanda kufika, mabenchi asanu ndi anayi akhala opanda kanthu, ndipo wotukwanidwa akhala mwana wanga. Akuti wawauza kuti, "Bambo anga anaphunzitsa masamu zaka 31, sanaphonyepo." Mbali yachiwiriyo wawonjeza, koma sindinamukonze.

Zimene zili pakhoma:

Pepala loyamba, mapu. Alimi asanu ndi anayi a kalabu yathu ya m'dimba, malo okwezera katundu asanu. Mitunda ndinayeza ndekha pa njinga. Ndinamanga kansanza pa tayala n'kumawerenga kuzungulira kwake. Anthu ankati penshoni yandilowa m'mutu.

Pepala lachiwiri, njira zitatu zozungulira midzi. Njira A makilomita 31, Njira C 28, Njira B 23. B yapambana, ndaizunguliza kawiri.

Pepala lachitatu, kulemera. Mbatatesi matumba 40, lililonse makilo 50, pamodzi 2,000. Kabichi makilo 450. Matimati madengu 16, makilo 400. Zonse 2,850. Patsala 150, ine ndimalemera 68. Mpaka malo opumira alipo!

Pakona pa pepala lachitatu pali kamndandanda ka galimoto zimene zimabwerera ku Lilongwe zopanda kanthu. Ndinakhala pa kalavati wa pamphambano milungu iwiri kuziwerenga. Ya buledi, ya zakumwa, ndi chilole cha matani khumi chobweretsa simenti ndi malata ku holo imene tikumanga ku parishi. Chimafika Lachisanu masana, chimagona pa parishi, Loweruka n'kubwerera chili chabe. Dalaivala wake, a Matiyasi, ndinawafunsa nthawi imene amanyamuka. Anati, "Ndikamwa tiyi, aphunzitsi." Ndinafunsa tiyi wa nthawi yanji. Anati, "Akapsa." Tsiku lina 8 koloko, lina 11. Zoterozo sizilowa m'masamu. Kamndandanda konse ndakadula ndi cholembera chofiira, n'kulembapo kuti ZOSADALIRIKA.

Amayi a Rozina afika madzulo kuchokera ku parishi, mphakati wawo ndiwo ukuphikira amisiri mlungu uno. Aima pakhomapo nthawi yaitali, makamaka pakona paja. Ndimayembekezera funso. Angoti, "Dzanja lanu likadali lokongola, bambo a Rozina."

Lachiwiri

Msonkhano wa kalabu, pabalaza pathu. Mipando sinakwane, ena akhala pamphasa. Ndaima ndi kandodo ngati kale. Kunena zoona, ndinali nditapukwa kuima kutsogolo kwa anthu.

Ndafotokoza Njira B. Lole iyambire kuseri kwa phiri, kwa a Nabanda, kumene kuli mbatatesi yambiri. Zolemera zikhale pansi. Kabichi pakati. Itsirizire kwa a Gelevazio, chifukwa matimati awo ayenera kukhala pamwamba. Onse agwedeza mitu. Kenaka a Gelevazio atsokomola.

A Gelevazio ndi atsibweni a amayi a Rozina, eni mbumba. Malo amene pali nyumba ino analoza ndi iwo, ndi ndodo yawo, zaka 34 zapitazo. Ine pano ndine mkamwini ngakhale imvi zili mbuu.

"Ndiye kuti lole idutse pamphambano panga osakhota, ikayambire kwa ana?"

Ndati idzakhota pobwerera.

"Ine ndine wotsiriza?"

Ndati otsiriza ndi matimati, osati iwo.

"Matimatiwo ndi a yani?"

Ndayang'ana amayi a Rozina kuti andiwombole. Iwo akuyang'ana kudenga, ngati malata awaona lero.

Mkamwini asamakule mwendo. Njira D yabadwa pomwepo. Lole iyambe yakhota kwa a Gelevazio, tiwalonjere, tikweze dengu limodzi pa mpando wakutsogolo kuti akhale oyamba. Tikazungulire midzi yonse. Tidzakhotenso kwa a Gelevazio kudzatenga madengu 15 otsala. Makilomita 29. Yaposa ngakhale Njira C imene ndinaikana chifukwa chotalika.

Zopempha zina, ndazilemba mmene zabwerera:

A Nabanda akuti lole isafike kwawo 2 koloko, amakhala ali ku kwaya.

A Filipo akuti matumba awo asagundane ndi a a Nabanda. Chaka chatha mbuzi ya a Filipo inadya repu wa a Nabanda, ndipo mawu amene analankhulidwa tsiku limenelo sanabwezedwe.

Wina wafunsa ngati mapepalawa ndidzawafunabe ntchito ikatha, akufuna kukutira makope a ana.

A Bisaloni, eni lole, sanabwere. Atumiza uthenga kuti mapu ali nawo m'mutu.

Ndajambula Njira D ndi cholembera chobiriwira. Ikuoneka ngati nyongolotsi yopondedwa. Komabe masamu a kulemera sanasinthe, ndiye mtima uli m'malo.

Lachitatu

Lero kuyeza. Sindimakayikira chilichonse, koma mphunzitsi wabwino amatsimikiza yankho lake. Ndabwereka sikelo yokoleka kwa ogula soya, imafika makilo 100. Ndayambira kwa a Filipo, ndiko kufupi.

Ndaona matumba aja.

Thumba la mbatatesi la kuno si thumba ayi. Ndi thumba, kenaka theka la thumba lina losokerera pamwamba, kenaka chisoti cholukidwa ndi zingwe, mbatatesi zikuluzikulu zikusuzumira m'mabowo. Likaima likundifika m'khutu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaona m'mbali mwa msewu, ndili pawindo la minibasi. Kunyamula sindinayeseko. Ine mbatatesi ndimakumana nayo m'mbale. Pa pepala langa ndinalemba 50 chifukwa pathumbapo palembedwa 50, ndipo analemba ndi makina, osati munthu.

Amuna anayi alikweza pa sikelo, sikeloyo ili pa nthambi ya mtengo wa mapichesi. Muvi wazungulira, wafika pa 100, wagunda pamenepo. Kenaka nthambi yathyoka. Akazi a a Filipo sanalankhule nane mpaka pochoka. Akuti inali nthambi yobereka kwambiri.

Tathira mbatatesi m'zidebe, tayeza pang'onopang'ono. Thumba limodzi, makilo 115.

Ndapempha kuti zisoti achotse, matumba akhale ofanana ndi zimene ndinalemba. A Filipo andiyang'ana mwachisoni. "Aphunzitsi, thumba lopanda chisoti ku Lilongwe angatiseke. Aziti ku Dedza kwagwa njala."

Safunsa anadya phula. Ndinayeza msewu ndi kansanza milungu itatu, thumba lili pakhonde la mnzanga osalifunsa.

Masamu atsopano. Mbatatesi 4,600. Zonse pamodzi 5,450. Lole ya matani atatu. Maulendo awiri, palibe kuchitira mwina. Woyamba ufike 7 koloko, wachiwiri cha m'masana, msika utayamba kuzilala. Ndagawa chilichonse pakati kuti benchi iliyonse ikhale ndi poyambira. Imeneyi ndi Njira E. Ndamata kapepala pamwamba pa manambala akale, koma akuonekabe ukayang'anitsitsa.

Rozina waimba. Akuti anzake auza kale makasitomala, wina walemba pa katoni kuti KABICHI WA DZULODZULO WA KU DEDZA, LOWERUKA LINO. Akuti mpaka amayi ena a mumzere wa nyumba kumene amakhala, amene ana awo atha mwezi osalawa kabichi, abwera kudzafunsa ngati ndi zoona. Ndamuuza kuti zonse zili m'malo mwake. Mawu anga anamveka olimba, ndinadzimva ndekha.

Foni itadulidwa amayi a Rozina afunsa kuti thumba lija ndi makilo angati. Ndati 115. Nanga zonse pamodzi? Ndati 5,450. "Ndiye kuti sizikufika matani khumi?" Ndati kutalitali. Angoti oo, n'kupitiriza kusadzula nkhwani. Ndakondwa kuti pa ukalamba pano ayamba kukonda masamu.

Lachinayi

M'mamawa a Nabanda pakhomo. Akufunsa ngati atenge bulangete kapena chitenje chikwanira, poti pamwamba pa lole pamazizira.

Ndafunsa kuti pamwamba pa lole akukataniko.

Adabwa kuposa ine. "Nanga katundu amayenda yekha?"

Ndafotokoza modekha kuti nzeru yonse yagona pamenepo. Mlimi atsale m'dimba, katundu apite, Rozina alandire. A Nabanda amvetsera mpaka kumapeto. "Aphunzitsi, thumba lilibe pakamwa. Wina akakanena kuti mbatatesi yanga ndi yaing'ono, ayankhe ndani?"

Ndakwera njinga, ndazungulira makomo onse asanu ndi anayi. Opita ku Lilongwe:

A Nabanda, kutsata matumba, komanso kukaona mdzukulu wobadwa kumene.

A Gelevazio, kukagula magalasi a maso. Akazi awo, kukawasankhira.

A Filipo, ndi mbuzi yokagulitsa. Mbuziyo ndi yomwe ija.

Alimi ena asanu ndi mmodzi, aliyense kutsata thumba lake.

Anthu anayi amene alibe thumba, akutsata matumba a anzawo.

Onse 14, mbuzi pambali. Palibe amene anandiuza chifukwa palibe amene anaganiza kuti n'zofunika kunena.

Munthu nayenso ali ndi kulemera, ayenera kulowa pa pepala. Apa ndachita chinthu chimene mwamuna wanzeru sachita. Ndafunsa a Nabanda kuti amalemera makilo angati. Andiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Amene anandikwatira sanandiyeze." Pofika masana mbiri yamveka mpaka kuseri kwa phiri kuti aphunzitsi akufuna kukoleka anthu mu mtengo wa mapichesi.

Ndangoika 60 pa munthu aliyense. Pamodzi 840. Malo otsala m'maulendo awiri ndi 550. Sizikukwana! Ndipo onse akufuna ulendo woyamba. Wachiwiri ulibe mwini.

Cha m'ma 4 koloko a Bisaloni atulukira. Aima pa mapu, manja kumbuyo. Aloza ndi chibwano. "Zokongola, aphunzitsi. Koma kamlatho aka ndi kamitengo. Lole sipita pamenepa, chiyambire." Kamlathoko kali pakati penipeni pa Njira B. Pa A ndi pa C kalipo, pa D kalipo, pa E kalipo. Ine ndinawoloka pa njinga, ndikuwerenga kansanza, osayang'ana pansi.

Ndiye kuti Njira B, imene ndinaizunguliza kawiri, sinakhalepo n'komwe. Yolambalala ndi makilomita 37. Ndaitcha F, koma sindinaijambule, cholembera chobiriwira chatha.

Ndawaonetsa a Bisaloni za kulemera. Aseka. "Matani atatu analemba a kufakitale. Iyi imanyamula zimene yapatsidwa." Amafuna kundilimbitsa mtima. Andiopseza.

Lachisanu

M'madimba monse mipeni. Kabichi wadulidwa, matimati athyoledwa. Kubwerera m'mbuyo kulibe tsopano, kabichi wodulidwa sadzalidwanso.

Lole imayenera kufika 1 koloko. Yafika 3. Kwa a Gelevazio malonje atenga mphindi 40, kuphatikiza mbiri ya bondo lawo. Akwera kutsogolo ndi dengu lawo pamiyendo.

Kuseri kwa phiri. Pepala langa likuti ulendo woyamba matumba 20. Ine ndaima kumbuyo kwa lole ndikuwerenga, iwo akukwezera m'mbali. Ndafika pa 20, ndati basi. Ndazungulira, ndawerenganso, 27. Pa malo achitatu 33. Ndakuwa kuti imani. A Bisaloni amenya tayala ndi phazi, ati, "Ikadali kuseka iyi." Anthu nawo akwera, akuti akusungiratu malo a mawa. Mbuzi yakwera.

Ndikanatha kugona kutsogolo kwa matayala. Sindinatero. Ndinakwera nawo, pepala lili m'manja.

Cha m'ma 5 koloko, pa chitunda chochokera kudambo, kumunsi kwa parishi. Lole yabuula, yabuulanso, kenaka chinthu chalira pansi ngati mfuti. Yagwada mbali imodzi. Sipuling'i yathyoka. Mulungu ndi wabwino, palibe wavulala. Mbuzi yadumpha yoyamba, ndipo pamene ife timasuzumira kunsi kwa lole iyo imadya kabichi wa a Nabanda.

A Bisaloni akuti chitsulo chake chimapezeka ku Lilongwe, mwina Lolemba, mwina Lachiwiri. A Gelevazio atsika ndi dengu lawo, osaphwanya ngakhale limodzi, ati, "Masamu aja ndi amenewa?" Palibe waseka. Bola akanaseka.

Ndabwera kunyumba wapansi. Rozina waimba kanayi. Foni ndaiika kunsi kwa pilo. Ndili ndi manyazi, ndiponso ndili ndi mantha. Ndikungoona mabenchi asanu ndi anayi, katoni ija yolembedwa, ndi mwana wanga ataima pakati pa anzake akuyang'ana kumsewu. Iye sanalakwe chilichonse, anangokhulupirira bambo ake.

Amayi a Rozina afika dzuwa lisanalowe, akununkha utsi wa ku parishi. Lole aiona panjira, safuna kuuzidwa. Sananene kuti ndinanena. Afunsa chimodzi chokha: "Mapepala aja mukuwafunabe?" Ndati ayi. Awamatula onse atatu mosamala, awapinda, atuluka nawo. Ndikuganiza kuti akukakolezera moto. Akuyenera.

Kumsewu kukumveka ngolo, imodzi, ina, inanso. Anthu akututa katundu wawo kubwerera naye kwawo. Nkhumba za m'dera lino zidya bwino mlungu uno. Ine sindikutuluka.

Loweruka

Ndadzuka 6 koloko isanakwane. Amayi a Rozina palibe. Ketulo yaikulu palibe, shuga palibe, beseni lokandira mandasi palibe. Ndaganiza kuti mwina andithawa, koma munthu wothawa banja satenga beseni.

Ndavala jekete. Ndikamuimbire Rozina ndili pa masitepe a tchalitchi, chifukwa ndi pamene foni imagwira bwino. Zoti ndinene ndazikonza m'mfundo zitatu, yoyamba ndi kupepesa.

Pa chitunda paja lole ya a Bisaloni ikadali chigwadire, koma ilibe kanthu. Pabwalo la parishi pali mikwaso ya matayala akuluakulu, masamba a kabichi, ndi manyi a mbuzi. Chilole cha simenti palibe. Kuseri kwa khitchini amayi a Rozina ndi anzawo awiri a mumphakati akutsuka makapu.

Ndafunsa amayi a Rozina kuti katundu ali kuti.

"Pano ayenera kuti akulowa m'tauni."

Ndafunsa kuti pa chiyani.

"Pa lole ya a Matiyasi. Munalemba nokha pakona paja, imabwerera yopanda kanthu, matani khumi."

Ndati ndinalembanso kuti ilibe nthawi, munthuyo amanyamuka akamwa tiyi.

Apukuta manja pa chitenje. "Nanga tiyiyo mlungu uno akuphika ndani, bambo a Rozina?"

Ndakhala pansi pa thumba la simenti.

Tiyi anapsa hafu pasiti 4, wamkaka, ndi mandasi otentha. A Matiyasi anamwa makapu awiri, 5 koloko isanakwane anali ataliza injini. Nkhaniyi amayi a Rozina anaiyamba Lachitatu, atamva za 5,450 zija. Kapitawo wa amisiri anaimbira mwini lole ya simentiyo, mwini lole anavomera kuti kalabu ithire mafuta. Dzulo lole yathu itagwada, uthenga unayenda mumphakati, ngolo zija zimatutira katundu ku parishi. Matumba onse 40 ndi zisoti zake, kabichi, anthu 14, mbuzi. Amayi a Rozina anapempha a Gelevazio kuti akhale kutsogolo azilondolera njira, ndiye anakwera oyamba. Matimati awo anakwezedwa pomaliza, pamwamba, iwo osatsokomola n'komwe.

Nanga mapepala anga? Avundikira madengu a matimati, kuti fumbi la simenti lisalowe. "Ndi olimba, munagula abwino."

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze Lachitatu lomwelo. Ayang'ana anzawo aja, anzawowo apita kukataya madzi. "Munadula ndi chofiira. Zaka zonsezi ndaona ana asukulu akubwera pakhomo kudzadandaula chofiira chanu. Sindinaonepo mutasintha."



Mphindi 20 zitapitirira pa 7 koloko foni yalira. Rozina, kumbuyo kwake phokoso la amayi ndi mbuzi. "Ababa, mwachedwa pang'ono koma takukhululukirani! Anthu ali pamzere. Ndinawauza ine kuti masamu anu sanama." Amayi ake andipukusira mutu kuti ndingokhala chete. Sindinathe. Ndamuuza zonse, za thumba, za kamlatho, za tiyi. Zanditengera mphindi imodzi yokha. Nditamaliza wati, "Chabwino ababa, apatseni amayi foni."

Ndanyamula ketulo pobwerera. Ndi yolemera kuposa mmene imaonekera.

Lamulungu

Misa yoyamba. Kukuzizirabe. Lole ya a Bisaloni ikadali pa chitunda, aliyense wopita ku tchalitchi akuilambalala n'kundiyang'ana. Kalabu yagwirizana kuti ithandize pa chitsulo chija. Ine ndiye ndikatenge, akuti ndimadziwa mitunda.

Apaulendo anabwerako dzulo pa minibasi. A Gelevazio avala magalasi atsopano, akuuza aliyense pabwalo la tchalitchi mmene analondolera lole mpaka pa benchi ya mdzukulu wawo. Atandiona awonjeza kuti, "Aphunzitsi nawonso anathandiza, ndi mapepala." Ndathokoza ndi manja awiri. A Nabanda ndi a Filipo anakhala moyandikana ulendo wonse, ndipo akulankhulana tsopano, popeza mbuzi ija inagulidwa ndi wootcha nyama.

Rozina akuti pofika 11 koloko mabenchi onse anali mbee. Akuti anthu amayamba amununkhiza kabichi asanagule, ena amafunsa ngati ndi weniweni. Mabanja amene amagula kachidutswa dzulo anagula wathunthu. Watumiza chithunzi pa foni. Mayi wina wa mumzere mwawo, kabichi m'khwapa, matimati atakulungidwa m'chidutswa cha pepala la manila. Ndakuza chithunzicho ndi zala. Pakuoneka bwinobwino, dzanja langa lomwe: Njira B, 23, yozungulizidwa kawiri. Yafika ku Lilongwe ndithu. Ndaseka ndekha, kenaka m'maso mwachita zina, ndati ndi chimfine.

Holo ya parishi itha milungu ingapo ikubwerayi, ndipo chilole cha simenti chidzasiya kubwera. Ndanena zimenezi pobwerera ku Misa, mwina ndi kamtima kofuna kupambanako pang'ono. Amayi a Rozina ati, "Ndiye mupitenso pa kalavati paja, mukawerenge zobwerera zopanda kanthu. Kuwerenga mumatha, palibe wina akanakhala pamenepo milungu iwiri. Koma mukafunsenso kuti amadya kuti, amawaphikira ndani. Chofiira musiye kunyumba."

Ndavomera. Kalendala ya parishi ndaibwezera pakhoma, yabisa pamene penti anamatuka.

Tsopano ali pa mpando wa pabalaza, agona chokhala, nsapato za ku tchalitchi zili kuphazi. Masiku awiri sanapume. Ndati ndiwaphikire tiyi, adzuke apeze wapsa. Moto ndakoleza, ketulo ndatereka, madzi awira kale kawiri. Ndatsegula kabati, ndayang'ana m'zitini zonse, pa shelefu, mpaka m'dengu la anyezi.

Zaka 34 m'nyumba ino. Masamba a tiyi sindikudziwa pamene amakhala.